Kodi n'zotheka kugula nyumba popanda dipoziti, ndipo kodi n'kwanzeru kutero?

Nangondo analemba:

Moni nonse. Safunsa anadya phula, choncho ndaganiza zobweretsa nkhani yanga pano kuti amene mumadziwa bwino za ngongole za nyumba mundiunikire. Ine ndi amuna anga takhala m'nyumba ya lendi kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'zaka zonsezi sitinadumphitsepo mwezi ngakhale umodzi osalipira. Tonse awiri tili pa ntchito yokhazikika ndipo timasunga ndalama mwezi uliwonse, koma mitengo ya nyumba ikukwera mofulumira kuposa mmene ife tikusungira, moti chaka chilichonse tikakhala pansi n'kuwerengera timapeza kuti 20 peresenti imene tinauzidwa kuti ndiyo dipoziti yoyenera yatitalikira kuposa chaka chatha. Pakali pano tili ndi ndalama zofanana ndi 6 peresenti ya mtengo wa nyumba yaing'ono imene tingaikwanitse.

Mlungu wathawu wogulitsa nyumba wina anatiuza kuti tikungodzivutitsa, chifukwa pali ngongole zimene munthu amatenga ndi dipoziti yochepa kwambiri, kapenanso popanda dipoziti n'komwe. Amuna anga anasangalala kwambiri, koma ine mtima sunakhazikike. Kodi ngongole zoterezi zilipodi, kapena awa ndi mawu okoma a munthu amene akufuna komishoni yake? Ngati zilipo, banki imapindula chiyani pobwereketsa mtengo wonse wa nyumba kwa munthu amene sanaikepo kalikonse? Ndipo titati titenge ngongole yotere, tiike 6 peresenti yonseyi ngati dipoziti, kapena tisungeko ina?

Wopuma M'banki anayankha:

Mayi Nangondo, wogulitsa nyumbayo sanakunamizeni, koma wakuuzani theka la nkhani. Ngongole zoterezi zilipo m'maiko ambiri, ndipo 20 peresenti imene anthu amaitchula si lamulo ayi, koma ndi malire amene mabanki ambiri amaona kuti akafikapo ndalama zawo zili potetezeka. Ndinagwira ntchito yoona za ngongole kwa zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiloleni ndifotokoze mmene wobwereketsa amaganizira, chifukwa funso lanu lachiwiri ndilo limene limamasula mafunso ena onse.

Nyumba imene mwagula ndiyo chikole cha ngongole yanu. Mukalephera kubweza, banki imailanda n'kuigulitsa, koma nyumba yolandidwa kawirikawiri imagulitsidwa mwachangu ndiponso pa mtengo wotsika, ndipo pa ndalama zimene zapezekazo pamayenera kuchoka za maloya, za ogulitsa ndi chiwongoladzanja chimene chinaunjikana m'miyezi imene simunalipire. Dipoziti yanu ndiyo imameza zotayika zonsezi banki isanakhudzidwe. Mukapanda kuika dipoziti, chiopsezo chimenechi sichichoka, koma banki imangochiikira mtengo n'kukulipiritsani. Imatero pokweza chiwongoladzanja chanu kuposa cha munthu amene waika dipoziti yaikulu, ndiponso pokuuzani kuti mulipire inshuwalansi ya ngongole. Inshuwalansi imeneyi anthu ambiri amaisainira osaimvetsa. Wolipira ndinu, koma wotetezedwa ndi banki, moti mukalephera kubweza nyumba mudzalandidwabe, ndipo kampani ya inshuwalansi idzabwezera banki zimene yataya, inu osalandira kanthu.

Tiyerekeze nyumba ya mtengo wa 100,000 mu ndalama ya dziko lililonse, ngongole ya zaka 30, ndi chiwongoladzanja cha 7 peresenti pa chaka. Amene waika dipoziti ya 20,000 amabwereka 80,000 ndipo amalipira pafupifupi 532 pa mwezi, pamene amene sanaike kalikonse amabwereka 100,000 n'kumalipira pafupifupi 665 pa mwezi, ndipo apa sindinawonjezepo inshuwalansi ija kapena chiwongoladzanja chokwererapo. Kusiyana kwa 133 pa mwezi anthu ambiri angakukwanitse, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa nyumba amakonda kukusonyezani nambala yokhayi. Nambala imene sakusonyezani ndi iyi. Pa 665 ya mwezi woyamba, 583 ndi chiwongoladzanja, ndipo imene ikuchepetsa ngongole yeniyeni ndi 82 yokha. Pakatha zaka zisanu mudzakhala mutapereka ndalama zoyandikira 40,000, koma ngongole yanu idzakhala idakali pafupifupi 94,100. Izi zikutanthauza kuti m'zaka zoyambirira gawo la nyumba limene mungalitchule kuti ndi lanu limakhala lopyapyala kwambiri, ndipo mitengo ya nyumba ikatsika ndi 10 peresenti yokha, mudzakhala ndi ngongole ya 94,100 pa nyumba imene ingagulidwe pa 90,000. Mnzanu wa dipoziti ya 20,000 uja, pa kutsika komweko, ngongole yake idzakhala pafupifupi 75,300, ndipo akagulitsa adzatsalabe ndi kanthu m'manja.

Sindikunena kuti musatenge ngongole yotere. Ndinaona mabanja ambiri amene anaitenga ndipo lero nyumba ndi zawo. Ndikungofuna muone kuti dipoziti imene simunalipire pa tsiku loyamba mudzailipirabe pang'onopang'ono, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake.

Chikumbutso anayankha:

Bambo Wopuma M'banki afotokoza bwino masamu ake, koma ndikuona kuti alemetsa mbali imodzi. Lendi imene Mayi Nangondo alipira kwa zaka zisanu ndi zinayi sinawapatse ngakhale njerwa imodzi, ndipo ngati mitengo ikupitiriza kukwera mofulumira kuposa ndalama zimene akusunga, kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake. Kutsika kwa mitengo ndi chinthu chimene chingachitike kapena ayi, pamene lendi ya mwezi wamawa ndi yotsimikizika.

Pa funso loyamba, mayi, yankho limadalira dziko limene muli, chifukwa ngongole zambiri za mtunduwu zimatheka pokhapokha boma kapena munthu wina atavomera kusenza gawo la chiopsezo m'malo mwa banki. Ku America kuli njira ziwiri zikuluzikulu zogulira nyumba popanda dipoziti. Yoyamba ndi ngongole ya VA, unduna wa boma woona za asilikali opuma, imene inayamba ndi lamulo la 1944 lothandiza asilikali obwera ku nkhondo, ndipo ndi ya asilikali, amene anapuma usilikali ndi ena mwa akazi kapena amuna awo amasiye. Ilibe inshuwalansi ya mwezi ndi mwezi, koma pali ndalama yolipira kamodzi, imene kwa woitenga koyamba, ngati dipoziti yake siikwana 5 peresenti, imakhala 2.15 peresenti ya ngongole. Yachiwiri ndi ngongole ya USDA, unduna wa zaulimi, ya nyumba za m'madera akumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, kwa mabanja amene malipiro awo sapitirira malire oikidwa. Kwa ena onse kuli ngongole ya FHA, bungwe la boma lotsimikizira ngongole za nyumba limene linakhazikitsidwa mu 1934, imene imalola dipoziti ya 3.5 peresenti ngati mbiri ya munthu ya kabwezedwe ka ngongole ili ndi mapointi 580 kapena kuposa, ndipo Fannie Mae ndi Freddie Mac, mabungwe awiri amene amagula ngongole za nyumba kwa mabanki, ali ndi ndondomeko zolola 3 peresenti.

Apa pali kanthu kamene ndimafuna aliyense akadziwe. Pa ngongole wamba ku America, lamulo la 1998 limalola munthu kupempha kuti inshuwalansi ichotsedwe ngongole ikatsika kufika pa 80 peresenti ya mtengo umene nyumba inali nawo poyamba, ndipo imachoka yokha ikafika pa 78 peresenti. Koma pa ngongole ya FHA, munthu akaika dipoziti yosakwana 10 peresenti, inshuwalansi ya chaka ndi chaka imakhalapo mpaka ngongole yonse itatha, pokhapokha atasinthira ku ngongole ina, ndipo izi zikuwonjezera pa 1.75 peresenti ya ngongole yolipira poyamba. Ngongole ziwiri zooneka zofanana pa tsiku losainirana zingasiyane kwambiri pakapita zaka khumi ndi zisanu.

Ku Canada dipoziti yochepetsetsa ndi 5 peresenti pa madola 500,000 oyamba a mtengo wa nyumba, ndipo aliyense woika yosakwana 20 peresenti amayenera kukhala ndi inshuwalansi, imene kwa oika pakati pa 5 ndi 10 peresenti ndi 4 peresenti ya ngongole ndipo nthawi zambiri imaphatikizidwa ku ngongoleyo. Ku Netherlands, kuyambira mu 2018, malire a ngongole ndi 100 peresenti ya mtengo wa nyumba, kutanthauza kuti munthu angagule popanda dipoziti koma zolipira zina zonse ayenera kuzipeza yekha. Ku Britain boma linayambitsa mu 2021 ndondomeko yotsimikizira ngongole za 95 peresenti, ndipo mu 2023 bungwe lobwereketsa ndalama la Skipton Building Society linatulutsa ngongole ya 100 peresenti kwa anthu a lendi amene angasonyeze umboni kuti analipira lendi yawo mokhulupirika kwa miyezi 12 yotsatizana. Imeneyi ndiyo ikufanana kwambiri ndi nkhani yanu, mayi, ndipo ngakhale kumene muli kulibe ndondomeko yotere, sungani umboni wa lendi yonse imene munalipira, chifukwa ndi mbiri yabwino imene wobwereketsa wanzeru angaiganizire. Palinso njira yodzera kwa achibale, monga ya banki ya Barclays yotchedwa Family Springboard, imene kholo kapena wachibale amaika 10 peresenti ya mtengo wa nyumba mu akaunti yotsekedwa kwa zaka zisanu, n'kudzailandiranso pamodzi ndi chiwongoladzanja ngati wogulayo wakhala akulipira bwino. Koma wogulayo akalephera, ndalama za khololo ndizo zimagwidwa, choncho imeneyi ndi nkhani yoti banja lonse likambirane mosabisirana.

Nasibeko anayankha:

Achimwene a Chikumbutso, mwanena kuti kutsika kwa mitengo kungachitike kapena ayi, ndipo n'zoona, koma ine chinandichitikira, ndiye ndiloleni ndifotokoze mmene zimakhalira munthu akakhala m'kati mwake.

Tinagula nyumba yathu yoyamba popanda dipoziti, pa nthawi imene aliyense ankanena kuti mitengo ya nyumba siingatsike. Kwa zaka zitatu zonse zinkayenda bwino ndipo sitinaphonyepo kulipira. Kenaka kuntchito kwa amuna anga kunasintha zinthu ndipo anawatumiza ku mzinda wina wakutali, pa nthawi yomwe mitengo inali itagwa. Woyesa mtengo wa nyumba atabwera, tinapeza kuti ngakhale titagulitsa pa mtengo wabwino, ndalama zake sizikanakwanira kutseka ngongole, osawerengera za wogulitsa ndi za maloya. Sitinalandidwe nyumba, ndipo banki sinatilakwire chilichonse, koma tinamangika. Kugulitsa sikunkatheka popanda kupeza ndalama zowonjezera zimene tinalibe, ndipo kusinthira ku ngongole ya chiwongoladzanja chotsika sikunkathekanso, chifukwa palibe wobwereketsa amene amafuna ngongole yoposa mtengo wa chikole chake. Tinaika munthu wa lendi m'nyumbamo, lendi yake siinkakwanira zimene tinkalipira kubanki, ndipo ifenso tinkalipira lendi kumene tinasamukira. Zinatitengera zaka zisanu ndi chimodzi kuti tituluke m'dzenje limeneli.

Zimenezi sizinachitikire ife tokha. Ku America mitengo ya nyumba inafika pachimake mu 2006, ndipo pofika mu 2012 inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi, moti mabanja mamiliyoni ambiri anapezeka ali ndi ngongole zoposa mitengo ya nyumba zawo. Ku Britain banki ya Northern Rock inali ndi ngongole yotchedwa Together imene inkalola munthu kubwereka mpaka 125 peresenti ya mtengo wa nyumba. Mu September 2007 anthu anaima pamizere kukatapa ndalama zawo ku bankiyo, ndipo mu February 2008 boma linaitenga kukhala m'manja mwake. Ku Britain ngongole zopanda dipoziti zinasowa pamsika kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo zimene zabwereranso masiku ano zili ndi malamulo okhwima kuposa akale, makamaka pa kuunika malipiro a wobwereka, zimene ine ndimaziyamikira.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu amene akukhalabe m'nyumba yake ndipo akukwanitsa kulipira, kutsika kwa mitengo sikumupweteka kwenikweni, chifukwa ndi nambala ya papepala chabe ndipo angathe kudikira mpaka itakweranso. Amene kumamupweteka ndi amene wakakamizika kugulitsa msanga chifukwa cha kusamutsidwa, kutha kwa ntchito, matenda kapena kutha kwa banja. Choncho, mayi, funso limene ine ndingakufunseni si lakuti muli ndi dipoziti yochuluka bwanji, koma lakuti muli ndi chikhulupiriro chotani kuti mudzakhala m'nyumbamo zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi, ndiponso ngati malipiro a mmodzi yekha mwa inu angathe kusenza ngongoleyo kwa miyezi ingapo wina ataima ntchito. Ife mafunso amenewa sitinadzifunse, ndipo palibe amene anatifunsa.

Wopuma M'banki anayankhanso:

Zikomo Mayi Nasibeko pofotokoza zimene ambiri amachita nazo manyazi kuzinena. Ndabweranso chifukwa funso lachitatu la Mayi Nangondo silinayankhidwe, ndipo yankho langa mwina lidabwitsa a Chikumbutso, amene akundiona ngati wotsutsa ngongole zoterezi.

Musaike 6 peresenti yonse ngati dipoziti. Mawu akuti popanda dipoziti satanthauza kuti popanda ndalama. Pa tsiku losainirana pamakhala zolipira za maloya, za woyesa mtengo wa nyumba, za kulembetsa umwini ndi chikole, msonkho wa kusintha umwini kumene ulipo, ndi inshuwalansi ya nyumba yeniyeniyo, imene ndi yosiyana ndi ya ngongole ija. Ku America zonsezi zimakonda kufika pakati pa 2 ndi 5 peresenti, ndipo m'maiko amene msonkho wa kusintha umwini ndi wokwera zimapitirira pamenepo. Mukangolowa m'nyumba, walira mvula walira matope, denga likadontha kapena paipi ikaphulika palibenso mwini nyumba woti mumuimbire foni, chifukwa mwini nyumbayo ndinu. Pa anthu amene ndinawaona akulephera kubweza, ambiri sanagwe chifukwa cha dipoziti yochepa, koma chifukwa anakokolola ndalama zonse zimene anasunga kuti dipoziti ioneke yaikulu, ndipo vuto loyamba litabwera analibe pogwira. Kwa ine banja limene laika 3 peresenti n'kutsala ndi ndalama zolipirira miyezi itatu kapena inayi lili pabwino kuposa limene laika 6 peresenti n'kutsala chimanjamanja.

Komabe, musanasankhe, funsani wobwereketsa aliyense kuti chiwongoladzanja ndi inshuwalansi zimasintha pa malire ati, chifukwa sizitsika pang'onopang'ono koma ngati masitepe, kawirikawiri pa 5, 10, 15 ndi 20 peresenti. Kuika 6 m'malo mwa 5 mwina sikungakusinthireni chilichonse, pamene kuika 5 m'malo mwa 3 kungakutsitsireni zolipira kwa zaka zambiri. Dziwaninso kuti pa chitsanzo changa chija cha 7 peresenti ndi zaka 30, munthu woika dipoziti ya 5 peresenti amatenga pafupifupi zaka 11 kuti ngongole yake itsike kufika pa 80 peresenti ya mtengo wa nyumba, ngati sakuwonjezera kalikonse pa zimene amalipira mwezi ndi mwezi. Ngati pangano lanu likulola kulipira zowonjezera popanda chilango, kandalama kochepa kowonjezera m'zaka zoyambirira kamafupikitsa nthawi imeneyi kwambiri, chifukwa konse kamapita ku ngongole yeniyeni.

Pali njira ziwiri zimene ndikukupemphani muzipewe. Musakatenge ngongole ina mobisa kuti muipereke ngati dipoziti. Mabanki amafunsa kumene ndalamazo zachokera, ndipo ngati ndi mphatso ya wachibale amafuna kalata yotsimikiza kuti siidzabwezedwa, choncho kunama pa fomu ya ngongole ndi mlandu, kuwonjezera pa katundu wa ngongole ziwiri pa malipiro amodzi. Chenjeraninso ndi wogulitsa amene akuti akupatsani dipoziti iye mwini n'kukweza mtengo wa nyumba ndi ndalama yomweyo, chifukwa mumayamba tsiku loyamba muli kale ndi ngongole yoposa mtengo weniweni wa nyumbayo. Ku America thandizo la dipoziti lochokera kwa wogulitsa linaletsedwa pa ngongole za FHA mu 2008, ataona kuti ngongole zotero zinkalephereka kawirikawiri kuposa zinzake.

Nangondo anayankha:

Ndikuthokoza nonse, ndipo makamaka inu Mayi Nasibeko. Usiku wathawu tinakhala pansi ndi amuna anga n'kudzifunsa mafunso anu awiri aja. Loyamba tinaliyankha mosavuta, chifukwa ntchito zathu sizisamutsa anthu ndipo ana adakali aang'ono. Lachiwiri linatikhalitsa chete kwa nthawi, chifukwa tinapeza kuti malipiro anga okha angasenze ngongole ya nyumba yotsikirapo mtengo, koma osati ya nyumba imene wogulitsa uja anatisonyeza, ndiye imeneyo taisiya.

Tagwirizana kuti tipite kwa obwereketsa atatu osiyana ndipo aliyense atilembere papepala zolipira za mwezi ndi mwezi pa dipoziti ya 3 ndi ya 5 peresenti, zonse zolipira pa tsiku losainirana, nthawi imene inshuwalansi ya ngongole imachoka, ndiponso ngati pali chilango polipira zowonjezera. Umboni wa lendi ya zaka zisanu ndi zinayi ndayamba kale kuusonkhanitsa. Bambo Wopuma M'banki, chatsala chimodzi chimene sindinachimvetse. Wogulitsa uja anatchulanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chimakhala chotsika m'zaka ziwiri zoyambirira n'kudzasintha pambuyo pake. Kwa anthu a dipoziti yochepa ngati ife, amene pakatha zaka ziwiri ngongole yathu idzakhala isanatsike kwenikweni, kodi sizingakhale bwino kulipira zochulukirapo pang'ono kuti chiwongoladzanja chisasinthe kwa zaka zisanu kapena kuposa?